Majekete Awiri, Wovala Mmodzi

Lolemba, pa 6 Meyi

Masiku awiri osalemba. Chiyambireni kusunga mabuku amenewa, zaka 31, sindinadumphepo tsiku, ngakhale lomwe anandichita opaleshoni ya diso. Masamba a Loweruka ndi Lamlungu ndawasiya oyera. Akhale choncho.

Bambo akunyumba ali m'chipatala. Wodi ya amuna, bedi lachisanu ndi chinayi kuchokera pakhomo. Timapaipi tiwiri m'mphuno. Kuchokera pageti kukafika pabedi lawo, mapazi 412. Pobwerera 398. Kaya ndimathawa chiyani.

Ndilembe mwandondomeko, mwina mutu ukhazikika.

Loweruka tinanyamuka pagombe 7:10 m'mawa, aliyense m'kayaki yake, Bambo yofiira, ine yachikasu. Ulendo wathu wa 214. Timabwato timeneti tinagula zaka zisanu ndi zinayi zapitazo patatha chaka chipumireni ntchito. Topapatiza, ta munthu mmodzi, nkhafi yake yopalasira mbali zonse ziwiri. Madzi bata ngati a m'beseni. 8:35 mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kumtunda. 8:40 funde linawamenya cham'mbali, kayaki yawo n'kugubuduka. Kumtunda kunali pafupifupi makilomita awiri. Mphindi 23 m'madzi. Msodzi wina wa boti la injini anamva wezulo yanga, ndiye anawavuula.

Adokotala akuti madzi analowa m'mapapo, thupi linazizira kwambiri. Munthu wa zaka 76. Akuti tithokoze. Ndathokoza.

Tisanakwere ndinachonga mndandanda wanga monga mwa masiku onse. Mizere 11. Nkhafi 2, majekete oyandamitsa 2, mawezulo 2, pampu, chingwe, foni m'kachikwama kosalowa madzi, madzi akumwa, zipewa 2, mapiritsi a Bambo, magalasi, thaulo. Yonse yochonga. Tsamba limenelo ndaliyang'ana kasanu lero. Palibe pamene ndinalakwitsa kuwerenga.

Lachiwiri, pa 7 Meyi

Mzime wathu wafika pa basi ya m'mawa. Maso ofiira, chikwama chimodzi. Ana wawasiya ndi bambo awo. Asanakhale n'komwe pampando: "Timabwato timeneto tigulitsidwe."

Kuchipatala anafunsa bambo ake kuti jekete inapita kuti, poti msodzi uja anawavuula ali ndi malaya okha. Bambo, mawu ali pansipansi: "Inavuka ndi mafunde, mwana wanga." Atatero anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana botolo la diripi. Madontho 20 pa mphindi.

Sinavuke. Sanaivale. Ankaikhalira.

Mpando wa kayaki ndi wouma, msana wawo ndi wa munthu amene anagona pansi pa mabasi zaka 40 akukonza injini. Ndafufuza m'buku la chaka chimenecho. Ulendo wa 131, kamzere kamodzi: Bambo adandaula msana. Kuyambira pamenepo amaipinda pawiri jeketeyo, kumanga malamba ake kumbuyo, n'kukhalapo ngati pilo. Tsiku loyamba ndinayankhula. "A Masamu," anatero, "jekete ili m'bwato momwemu, ithawira kuti? Chongani." Ndinachonga.

Mndandanda wanga umati majekete 2. Sumati ovala 2. Maulendo 84 ndikuwaona akuikhalira, cholembera chili m'manja mwanga.

Ine amene ndinaphunzitsa masamu zaka 36, ndikukalipira ana a eni ake kuti nambala yopanda kunena kuti ndi ya chiyani si yankho.

Mzime wasesa nyumba yonse ngakhale inali yosesa kale. Watsuka makapu oyera.

Lachitatu, pa 8 Meyi

Ndinapita kushedi ya gulu lathu la opalasa kukaona makayaki. Yofiira anaikoka asodzi, yangokalika pang'ono pamimba. Nkhafi yawo sinapezeke.

Mlangizi wa gulu analipo yekha. Mzimayi wa msinkhu wa Mzime, mikono ngati ya womanga nyumba, sayankhula zambiri. Anatseka kaye chitseko, kenako n'kundipatsa jumbo. M'kati jekete ya Bambo. Anaitola iye mwini Lamlungu ikuyandama. Yopinda pawiri, malamba omanga kumbuyo, mfundo zitatu za makaniko. "Amayi, mfundo izi sanamange ndi mafunde," anatero. Basi. Sanandiyang'ane n'komwe kumaso, zomwe zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Kenako anafunsa kuti tinagubuduza liti komaliza. Lamulo la gulu: kamodzi pachaka aliyense amalowa pamadzi osaya, kugubuduza dala kayaki yake, n'kuyesa kukweramonso ali m'madzi momwemo. Ndinati ndikayang'ana. Sindinafunikire kuyang'ana. Zaka zinayi zapitazo, pa 14 Okutobala.

Zifukwa zilimo m'mabuku, zolemba ndekha, zilembo zooneka bwino. Chaka choyamba: madzi ozizira. Chachiwiri: kunali alendo. Chachitatu: phewa la Bambo. Chachinayi chifukwa palibe, ndinangolemba kuti chaka chamawa. Ndipo poti ndife akuluakulu pagulu, amene timafika nthawi yake ndi mndandanda m'manja, palibe anatikakamiza. Ankauza achinyamata kuti atengere ife.

"Kugubuduka aliyense amagubuduka," anatero Mlangizi pondiperekeza. "Nkhani imakhala pobwereramo."

Jekete ndaibisa m'wadiropu, kunsi kwa mabulangete. Kubisira mwana wanga ngati wakuba.

Lachisanu, pa 10 Meyi

Achotsa timapaipi. Kutentha kwa thupi 37.4. Bambo adya theka la mbale, n'kuuza anesi kuti chakudya chake chilibe oyilo ngati injini ya mwini wake waumbombo. Wodi yonse kuseka.

Za jekete tikudziwa atatu: Bambo, Mlangizi, ine. Izi ndikulembazi ndikudziwa ndekha.

Kayaki yawo itagubuduka, ine ndinali pafupi. Mamita 30, mwina osakwana. Kupalasa ka 15 ndikanafika. Anatiphunzitsa kalekale: mnzako akagwera m'madzi umamupititsira mphuno ya kayaki yako, agwire pamenepo, apume, kenako muthandizane kutembenuza yakeyo. Ndikudziwa. Ndinazilemba m'buku la chaka choyamba, n'kudula mzere kunsi kwake.

Sindinapite.

Ndinaona manja awo akukwapula madzi. Ndinaganiza: akandigwira cham'mbali tonse tili m'madzi, ndipo ine sindingakwerenso. Manja anauma pankhafi. Ndinaimba wezulo katatukatatu monga mwa lamulo. Ndi kuwerenga. Anayesa kukwera pamsana pa kayaki kasanu ndi kamodzi, kasanu ndi kamodzi inagudubuzika nawo. Jekete ikupita uko ndi mphepo. Anaitana kawiri: "A Masamu! Bwerani kuno!" Kachitatu sanaitane. Anangokumbatira kumbuyo kwa kayaki, mutu ukutuluka n'kulowa.

Zaka 49 tili pabanja. Mamita 30.

Mzime akuuza aliyense wodzazonda matenda kuti amayi ndiwo anapulumutsa bambo ndi wezulo. Dzulo anesi awiri anandigwira chanza.

Lolemba, pa 13 Meyi

Bambo abwera kunyumba. Mapiritsi amitundu inayi, ndawalembera nthawi pakapepala n'kumata pafiriji. Masitepe atatu a pakhonde anakwera mopumira kamodzi.

Mzime wabwerera masana ano. Asanapite wakonza zonse, ndi mwana wa ine ameneyo. Wapeza wogula, bambo wina amene amabwereketsa mabwato kwa alendo. Adzabwera ndi galimoto pa 8 Juni kudzatenga onse awiri. Makiyi a unyolo wa makayaki anawachotsa m'thumba la bambo ake n'kuwaika m'dzanja langa. "Sungani inu, Amayi. Inu simulakwitsa." Ndinawalandira.

Bambo anamudikira atuluke pageti. "Zaka 40 pansi pa mabasi osaphwanyidwa, lero andiletse kabwato ka pulasitiki? Makiyi aja ali kuti?" Ndinati apume kaye.

Mzime sanaone chaka choyamba atapuma ntchito bambo ake. Ine ndinachiona. Pakhonde, wailesi pamwendo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina ndinawerenga mawu amene anayankhula tsiku lonse: asanu ndi anayi, atatu mwa iwo opempha mchere. Malaya anayamba kuwakulira. Kenako makayaki. Pamadzi munthuyu sakhala chete. Amakamba za mabasi onse amene anawaukitsa kwa akufa, amatukwana abakha, amaimba molakwitsa mawu. Zinthu zina za ubwana wawo ndinazimva koyamba pakati pa nyanja, titakhala limodzi zaka 40.

Ndikapereka makiyi, mwina ndawapereka kumadzi. Ndikawamana, ndawabwezera pakhonde paja. Masiku 26 kuti wogula abwere.

Lachinayi, pa 16 Meyi

Bambo atsegula madirowa asanu ndikupachika zovala panja. Ndinamva onse. Makiyi ali m'chitini cha mabatani, sangaganizeko.

Masana ndawauza maganizo anga. Mayeso. Tonse awiri, pamadzi osaya, Mlangizi alipo. Jekete pathupi, malamba onse omanga. Aliyense agubuduze yekha, akweremonso pasanathe maulendo atatu. Tikakhoza tonse, ndiimbira Mzime ndi wogula uja, makayaki atsala. Tikalephera, apita, ndipo nkhani ithere pomwepo.

"Ndinakwatira mphunzitsi, ndidzafa ndi mayeso," anatero. "M'bokosi momwemo mudzandipatsa pepala." Koma nkhope inawala. Adya mbale yonse. Adokotala akuti asakhudze madzi mpaka mwezi uno uthe, ndiye tapangana za Loweruka pa 1 Juni.

Za tsiku lija sanandifunsepo kanthu. Ndimadikira. Akandiitana kuchipinda ndimayesa ndi zomwezo, kupitako n'kupeza akufuna magalasi awo.

Lachiwiri, pa 21 Meyi

Ndinawauza Bambo kuti ndikupita kukayezetsa maso. Ndinapita kugombe. Sindingaike mayeso amene ine ndemwe sindikudziwa ngati ndingakhoze.

9 koloko. Mlangizi ali m'madzi ofika pachifuwa, ine m'kayaki. Jekete yanga anaikoka m'mapewa, inakwera mpaka m'makutu. Akuti yotere m'madzi imavuka pamutu. Anamanganso malamba mpaka ndinamva nthiti. Ndiye kuti nanenso zaka zonsezi ndinkangoikoleka.

"Pendekekani, Amayi." Ndinakhala mphindi zinayi osapendekeka. "Amayi, madziwa saluma."

Amaluma. Kuzizira kumatseka mpweya pakhosi. Akuti masekondi oyambawo usayese chilichonse, ungogwira kayaki, upume kaye. Osasiya nkhafi. Osasiya kayaki ngakhale kumtunda kuoneke pafupi, chifukwa mphepo imaithamangitsa kuposa mmene munthu angasambirire. Kenako kuitembenuza. Kumanga kathumba ka mpweya kunsonga ya nkhafi kuti nkhafiyo ikhale ngati mwendo wochirikiza. Kumenya miyendo mpaka thupi ligone pamwamba pa madzi, n'kukwawira pamsana pa kayaki chafufumimba. Osadzutsa mutu. Ine mutu ndinkadzutsa nthawi zonse, kufuna kuona zomwe zikuchitika.

Kasanu ndi kamodzi ndinagwa. Kachisanu ndi chiwiri ndinapezeka ndili m'kati, madzi ali m'chiuno, ndikutsokomola ngati mbuzi yokalamba. Kupopa madzi ndi pampu, ka 140.

Kenako Mlangizi anati iye akhala wogwera m'madzi, ine ndimupititsire mphuno. Anaikumbatira ndi manja ndi miyendo yomwe, munthu wa makilogalamu 80, n'kuyamba kugwedeza dala uku ndi uku. Kayaki yanga sinapendekeke n'komwe. "Wogwira pamphuno sangakugubuduzeni, Amayi, ngakhale atafuna." Sindinamuuze chifukwa chake ndinamupempha kuti abwereze katatu.

Zimenezo zinatenga mphindi 10. Pa zaka zinayi tikanawononga mphindi 40.

Ndinakhala m'shedi nthawi yaitali, thaulo kumaso. Anandisiya.

Lachitatu, pa 22 Meyi

Mabala odera 7: pantchafu 4, pamkono 2, pachibwano 1. Kukweza ketulo ndi manja awiri. Bambo afunsa za chibwano, ndati chitseko cha kabati. "Maso aja akuyezani bwino ndithu," akutero.

Mawa ndipitanso.

Lamlungu, pa 26 Meyi

Ndawauza.

Masana, pakhonde. Anali akukonza ayironi ya aneba, tizitsulo tonse atandanda pathireyi. Ndinakhala pampando winawo n'kunena monga mmene ndikanawerengera kaundula wa kalasi. Kuti ndinali pa mamita 30. Kuti ndinawamva kawiri konse. Kuti ndinkadziwa chochita, koma ndinaopa kuti andigubuduza. Kuti sabata ino ndaphunzira kuti sakanatha kundigubuduza.

Sanasiye kupotokola sikuluwu. Ndinawerenga mpaka 50.

"Ndinakuonani," anatero. "Chipewa chanu chija ndani sangachione." Anauzira fumbi m'kachitsulo. "Kachitatu sindinaitane dala. Ndinaopa kuti mubweradi, tigwere tonse. Nanga wezulo akanaimba ndani, nsomba?"

Kenako anandipempha ndiwagwirire waya.

Ndinagwira waya. Sindikudziwa ngati ndi zoona. Munthu amene ananamiza mwana wake za jekete osaphethira angandinamizenso ine pondimvera chisoni. Kapena mpweya unangowathera. Ndinkafuna andikalipire, aswe ngakhale kapu. Mlandu wopanda chilango sindidziwa pousunga.

Ayironi yayaka.

Lachiwiri, pa 28 Meyi

Ndaimbira Mzime. Ndamuuza za jekete, za maulendo 84, za mayeso. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako: "Ndiye nthawi yonseyi munkachonga chiyani, Amayi?" Analira, n'kundikalipira, n'kupepesa, n'kundikalipiranso. Pomaliza akuti mayesowo achitike, koma Mlangizi asachoke pafupi, ndipo ndisawonjezere malikisi. Amandidziwa pang'ono chabe mwanayu. Sindinawonjezerepo mwana aliyense theka la malikisi, ngakhale wa ahedi.

Jekete ndaitulutsa m'wadiropu. Mfundo zitatu zija zanditengera mphindi 25 ndi foloko.

Kugombe ndapitako kanayi tsopano. Maulendo oyesa ndisanakwere: 7, 5, 4, 3.

Lachinayi, pa 30 Meyi

Bambo ndawapeza kubafa atagwada, akuyesa kudzinyamula ndi manja m'mphepete mwa sinki. Kawiri. Kachitatu mkono wamanja unapinda wokha. Anakhala pansi, akusisita phewa, akuliyankhula motsitsa ngati mmene ankayankhulira injini yokana kulira. Sanandione. Ndinabwerera chammbuyo mpaka kukhitchini n'kugwetsa dala chivundikiro cha poto.

Patebulo akuti, "Loweruka mukonzeke kuchita manyazi, a Masamu. Ndikukwera ulendo woyamba." Ndati tiona.

Ndikanatha kuthetsa mayesowa. Kungonena kuti Mlangizi wadwala. Koma ndiye ndakhala ndikuchita zimenezo zaka zinayi.

Loweruka, pa 1 Juni

Tinafika 8:50. Kopanda mphepo. Mlangizi anathamangitsiratu ena onse, pagombe tinali atatu.

Bambo atavala jekete anayamba kudandaula za mpando. Mlangizi analowa m'shedi n'kutuluka ndi kasiponji kokhalira, kodula kale muyezo wa mpando wa kayaki. Zili pakona kuseri kwa chitseko, mulu. Ndinapita kukawerenga. 12. Zakhala pamenepo chimangireni shedi. Palibe mwa ife anafunsapo. Ine ndi Bambo tinayang'anana.

Ndinayamba ine. Ulendo woyamba ndinadzutsa mutu, ndinagwa. Wachiwiri ndinalowa. Bambo ali m'madzi ofika m'mawondo, kukamwa yasa. "Mwaphunzira kuti zimenezi?" Ndinati kuchipatala cha maso. Anaseka mpaka kutsokomola, Mlangizi kuwamenya pamsana.

Kenako iwo. Sanazengereze ngati ine, anangopendekeka, phava! Jekete inawatulutsa pamwamba ngati chitsekero cha botolo. Zonse anachita bwino: kupuma kaye, kutembenuza, kumanga kathumba. Miyendo inamenya. Chifuwa chinafika pamsana pa kayaki. Mkono wamanja unakana.

Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Anapempha kena. Mlangizi anayang'ana ine, ndinagwedeza mutu kuvomera. Kanayi mpaka kasanu ndi katatu. Milomo inayamba kuda, mpweya ukulira m'chifuwa. Pamenepo ndinapalasa. Ka 6 ndinafika. Ndinawapatsa mphuno ya kayaki yanga, anaikumbatira, nkhope yawo pafupi chonchi ndi mawondo anga, madzi akutsika m'ndevu. Tinakhala choncho mphindi ziwiri. Sanagwedeze. Kenako ine ndi Mlangizi tinawagwirira kayaki yawo kuti isagudubuzike, ayese ndi thandizo. Kawiri. Phewa silinyamula.

"Zingati, a Masamu?"

"Khumi."

"Pa zitatu."

"Pa zitatu."

Anayenda okha kutuluka m'madzi. Jekete anavula okha, anaipachika pamsomali. Pabenchi, thaulo pamutu, anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mapazi awo. Kenako: "Yofiira ipite. Yachikasu itsale. Inu mwakhoza."

Ndinakonzekera mayankho awiri okha, kukhoza tonse kapena kulephera tonse. Yankho lachitatuli sindinaliwerengere. Ndinati pangano linali loti apite onse awiri. "Ndiye mundilande kawiri?" anatero. "Wina azipita, azidzandiuza za kumeneko."

Pobwerera m'minibasi anagona, mutu paphewa langa. Phewa lawo lija zaka zinayi zapitazo linali lamphamvu. Tikanagubuduza chaka ndi chaka tikanaliona likutha pang'onopang'ono, tikanaphunzira njira ina nthawi ilipo, kapena kungosiya kupita kutali. Tinalidziwira pakati pa nyanja.

Loweruka, pa 8 Juni

Wogula anafika 10:15, mochedwa ndi mphindi 15. Imodzi yokha. Zingwe pagalimoto anamanga Bambo, akuti za mwini galimotoyo zingamasuke pakona yoyamba. Anamuuza kuti imakokera pang'ono kumanzere, kuti mpando ndi wouma, ndipo aliyense wokwera aone ndi maso ake kuti jekete ili pathupi. Munthuyo ankangoti eya, eya, akuyang'ana wotchi.

Galimoto itapita anakhala akupinda kachingwe kotsala. Anakapinda, kukamasula, kukapindanso.

Mzime wavomera za yachikasu, koma ndizipita ndi gulu la Lachitatu basi, osati ndekha. Wayankhula ndi bambo ake mphindi 31. Ndi ine 4.

Masana onse pakhonde. Wailesi sanayatse.

Lachitatu, pa 12 Juni

Ndapita ndi gulu. Anthu asanu ndi mmodzi, onse ang'onoang'ono kwa ine, aulemu kwambiri. Amandidikira, amandifunsa ngati ndatopa. Bambo anandiperekeza mpaka pagombe atanyamula nkhafi yanga paphewa lamanzere. Malamba a jekete anakoka okha, katatu, mpaka ndinati mundiphe.

Tinapita mpaka pachilumba cha miyala n'kubwerera, ola limodzi ndi mphindi 20. Patsidya pa miyala panali katumbu, akudya nsomba chagada, osatiopa. Ndinatembenukira kumanzere kuti ndinene kuti taonani. Kumanzere kunali mtsikana wina wa kubanki, zomvera nyimbo m'makutu.

Nyanja ndi yomweyo. Koma yakula.

Pobwerera Bambo ndinawaona tili kutali. Ataima m'madzi ofika m'akakolo, buluku atapinda, nsapato m'manja. Mlangizi akuti sanakhale pansi chichokereni ife. Ndisanatsike n'komwe, mafunso. Mphepo inali bwanji kuseri kwa chilumba? Mtengo wogwa uja ukadalipo? Katumbuyo wamkulu bwanji, ngati mkono kapena ngati mwendo? Ndinayankha zonse. Kunyumba anandifunsanso zomwezo, n'kukafotokozera aneba ngati anaona okha, katumbu atakula kufika pa galu.

Adya mbale yonse. Akuti Lachitatu likudzali ndikapitirire mpaka kumathero a gombe lalitali, ndikaone ngati mbalame zoyera zija zabwera.

Sindikufuna kupitanso. Popanda iwo ndi kupalasa chabe, mikono kupweteka. Lero ndinadikira mpata woti ndinene, sunapezeke. Mwina mawa. Mwina ndingopita Lachitatu limodzi lokhali, kenako

Akundiitana pakhonde. Akuti ndibwere ndi nkhafi, anaona ali kumtunda kuti chigongono chamanzere ndikuchigwetsa, andionetse.